Dzina la mwini wake ndalemba, nanga kuba kwachokera pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa chemwali wina wa ku Senga Bay, amene ali chaka chomaliza ku yunivesite ndipo akufufuza za amayi oyanika usipa pa thandala. Akuti: "Ndinatenga ndime ziwiri mu lipoti la pa intaneti, dzina la mlembi ndinaliika kumapeto kwa pepala. Asupavaiza andibwezera, ati ndi plagiarism. Chithunzi cha mabwato chomwe ndinatenga pa Facebook nachonso ati ndichotse. Chinthu chili poyera, ndaba bwanji?"

Chemwali, milandu yanu ndi iwiri, ndipo si ya mimba imodzi.

Woyamba ndi wa bodza. Plagiarism ndi chinyengo cha m'maphunziro: mawu kapena nzeru za wina kuzionetsa ngati zatuluka m'mutu mwanu. Dzina lija munalikankhira kumapeto, koma wowerenga akafika pa tsamba 12 adziwa bwanji kuti apa mwasiya kulankhula ndinu, wayamba ndi wina? Mawu a mwini wake amalowa m'mitengero, dzina, chaka ndi tsamba zili pomwepo. Kusintha "anthu ambiri" kukhala "anthu ochuluka" n'kumeta mbuzi yakuba kuti mwini wake asaizindikire. Ngakhale kumasulira ndime ya Chingerezi m'Chichewa osatchula gwero ndi mlandu womwewo. Ine ndimatere: ndikawerenga ndimatseka lipotilo, n'kufotokoza mfundoyo mokweza ngati ndikuuza azakhali anga, kenako ndilembe, n'kutchulabe amene anaiyamba. Ndikalephera kufotokoza, ndiye kuti sindinamve, ndibwerere.

Za Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta yofufuza mawu okopera m'mapepala a ophunzira, musachite nazo mantha kwambiri. Imangoonetsa pamene mawu afanana ndi a ena. Woweruza ndi munthu.

Wachiwiri ndi wa chilolezo, ndipo uwu uli m'malamulo a dziko. Lamulo lathu la umwini wa zolemba ndi zaluso ndi la 2016, linalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe loyang'anira ndi COSOMA, lomwe ambiri timangolidziwa pa nkhani za oimba. Munthu akangojambula chithunzi, umwini wayamba pomwepo, safunika kukalembetsa kulikonse, ndipo umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira. Kuchiika pa Facebook sikukupatsani inu mphamvu; usipa woyanikidwa pafupi ndi njira suli wa aliyense wodutsa. Lamulo limalola kugwira mawu ochepa pa maphunziro mukatchula gwero, koma chithunzi chathunthu, m'pepala lomwe mawa lidzaikidwa pa intaneti, ine ndikanapempha. Lembani uthenga kwa mwini wake, yankho lake mulisunge.

Pali eni ena amene anavomereratu. Bungwe la Creative Commons, lomwe linayamba ku America mu 2001, linakonza malayisensi oti mlembi kapena wojambula anene yekha zomwe akulola. Mukaona CC BY, tengani, sinthani, bola mutchule mwini wake. Pakakhala NC musagulitse, pa ND musasinthe, pa SA zomwe mwapanga kuchokera pamenepo muzigawe ndi layisensi yomweyo. Zithunzi za mtundu uwu zadzaza pa intaneti pa tsamba la Wikimedia Commons. Koma taonani msampha wake: layisensi yathetsa mlandu wachiwiri wokha. Mukakopera ndime ya Wikipedia osanena, bodza lija lilipobe. Chimodzimodzi buku la mlembi amene anamwalira kalekale: umwini unatha, koma nzeruzo sizinasanduke zanu.

Kunena zoona, chithunzicho sindikuona chifukwa chovutikira nacho. Muli ku Senga Bay, mabwato amakocheza m'mamawa pakhomo panu. Dzukani ndi foni yanu, mukajambule nokha. Amayi a pa thandala aja muwapemphe kaye, muwauzenso komwe chithunzicho chikupita; wina akakana, sunthirani pa thandala lina.