Malonda a makabati akale a m'chipinda chodyera: kuchokera ku Johannesburg kufika ku Salima

Mayi, mwafunsa kuti makabati akale osungiramo mbale ndi matambula m'chipinda chodyera, aja ambiri amawatchula kuti sayidibodi, timawapeza kuti, amadutsa bwanji m'malire, ndiponso ngati munthu wokhala ku Nkhotakota angapeze nawo phindu. Ine ndimawagula ku Johannesburg n'kumawagulitsa kuno ku Salima, choncho ndifotokoza za njira imeneyo.

Choyamba muyenera kudziwa kuti pa thiraki timalipira malo amene katundu watenga. Kabati yotalika mamita awiri imadya malo ofanana kaya ndi ya matabwa enieni kaya ndi ya utuchi wopanikiza, ndipo mwini thiraki alibe nazo ntchito zoti mwaigula zingati. Pa chifukwa chimenechi kabati yotchipa ndi imene imaluzitsa, pakuti ikafika kuno mtengo wake umakhala utaposa wa kabati yatsopano yokhomedwa ndi kalipentala wa pa Kamuzu Road, pamene siikuiposa kulimba ngakhale kukongola. Yoyenera ulendo wonsewo ndi yokhayo imene mmisiri wa kuno sangaipange lero.

Ogulitsa amasiyanitsa katundu wa antique, amene wakwana zaka 100, ndi wa vintage, amene ndi wakale koma sanafike pamenepo, ndipo mitengo imatsata kusiyana kumeneku. Makabati a nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, amakhala a mahogany kapena oak, olemera kwambiri, ndipo ambiri ali ndi kalilole wamkulu kumbuyo. Amenewa sindimawakonda kwenikweni, chifukwa kalilole amasweka panjira ndipo m'nyumba zathu zambiri amaphimba zenera. Amene amapezeka kwambiri ku South Africa ndi a imbuia, thabwa lofiirira lochokera ku Brazil, okhala ndi miyendo yosemedwa ngati chikhadabo chogwira mpira. Palinso aatali, aafupi msinkhu, a teak, a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, monga a dzina la G Plan, limene kampani ya ku England ya E. Gomme inayamba kuika pa mipando yake mu 1953. Amenewa ndi amene eni malo ogona alendo ku Senga Bay amafunsa kawirikawiri. Mukamva wogulitsa akunena kuti kiaat, dziwani kuti ndi mlombwa wathu womwewu, ndipo muganize kawiri musanalipire ulendo wa thabwa limene amisiri athu amalidziwa bwino.

Timawapeza m'mashopu a katundu wakale, ku okushoni, ndiponso kwa mabanja amene akusamuka n'kulengeza pa Facebook, koma musalipire kabati imene mwangoiona pa chithunzi. Mukaifikira, solani dilowa yonse n'kuitembenuza. Pamakona ake matabwa amalumana ngati mano, ndipo ngati manowo ndi osafanana kukula, ndiye kuti anadulidwa ndi manja, pamene ofanana ndendende ndi a makina. Kenako suntheni kabatiyo pakhoma muone thabwa la kumbuyo ndi pansi pa miyendo. Timabowo ting'onoting'ono ngati ta singano sitiopsa patokha, koma mukagogoda ndi chala n'kuona ufa woyera ukugwa, ndiye kuti thabwalo likufumbwabe ndipo tizilombo tili m'kati. Onaninso m'mphepete mwa pamwamba pake, chifukwa makabati ambiri a teak anangomatidwa thabwa lopyapyala pamwamba pa lina. Kumata kumeneku si chinyengo, ndi mmene ankapangira, komabe chinyezi cha kunyanja kuno chimamatula msanga pamalo pamene panayamba kale kutukuka, ndipo ngati m'kati mwake muli utuchi wopanikiza, umafufuma osabwereranso.

Pali mapepala awiri amene oyamba kumene sawaganizira. Lamulo la South Africa la 1999 loteteza zinthu za mbiri yakale limafuna chilolezo cha SAHRA, bungwe loyang'anira zinthu zimenezi, musanatulutse zinthu zina zakale kwambiri, monga mipando ya stinkwood ndi yellowwood ya ku Cape. Nawonso makabati a rosewood amafuna mapepala a CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi yakutha, pakuti kuyambira 2017 mitengo ya mtundu umenewu ili pa mndandanda wotetezedwa. Ine zoterezi ndimangozisiya m'shopu momwemo.

Ife ang'onoang'ono timasonkherana thiraki imodzi. Imadutsa pa Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda, n'kulowa mu Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako n'kutulukira pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza. Kwa ife a ku Salima ndi Nkhotakota, Dedza ndiye pafupi. Pachipata, ejenti amalembetsa katunduyo ku MRA pogwiritsa ntchito TPIN yanu, nambala imene mumalipirira msonkho, ndipo msonkho umawerengedwa pa mtengo wogulira kuphatikiza ndalama za ulendo, kenako VAT imabwera pamwamba pa zonsezo. Ena adzakuuzani za ndondomeko ya COMESA yofewetsa msonkho kwa amalonda ang'onoang'ono, koma imeneyo siikhudza katunduyu, chifukwa South Africa sili mu COMESA. Sungani lisiti yolembedwa bwino, yokhala ndi dzina la shopu, tsiku ndi chithunzi cha kabatiyo, chifukwa katundu wakale alibe mtengo wodziwika, ndipo wa kasitomu akakayikira lisiti yanu ali ndi mphamvu yoika mtengo wake.

Za ndalama, timagula ndi randi koma timagulitsa ndi kwacha. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali atalonjeza kale mitengo katundu ali panjira anagulitsa ndalama zosakwanira kugulanso kabati ina. Ndiye mtengo womaliza muzitchula katundu atatsika, ndipo muziwerengera zimene mudzafune pogula ina, osati zimene munalipira. Kabati yodula musaitenge popanda wogula amene waona zithunzi, wayeza khoma lake ndi khomo lolowera, n'kupereka theka la ndalama. Ogula katundu wotereyu kuno ndi ochepa, ndipo kabati ingathe kukhala miyezi yambiri itamanga mpamba wanu wonse.

Popakira, chotsani miyendo ngati ili yomangidwa ndi masikuluu, sungani makiyi ndi zogwirira m'chikwama chanu, mangani zitseko ndi nsalu osati selotepi imene imasupula vanishi, ndipo kutani kabati yonse ndi mabulangete akale. M'kati mwake mungathe kulongedzamo makatani kapena nsalu za patebulo zogulitsa, malinga mwazilembetsa pachipata, kuti malo amene mwalipirawo asapite opanda kanthu. Inu muli ndi ulendo wina wa pa M5 kuchoka kuno kukafika ku Nkhotakota, choncho pewani miyezi ya mvula ndipo musalole kuti aikweze pamwamba pa minibasi. Ikafika, isalowe tsiku lomwelo m'nyumba ya wogula ngati simunaionenso. Iyambe yakhala masabata awiri pamthunzi, pa njerwa, kutali ndi khoma ndi chiswe, kuti ngati pali potukuka kapena ufa wogwa, kalipentala akonze kabatiyo ili m'manja mwanu.