Atsikana otchola tiyi asadandaule mmodzimmodzi

Achemwali, mwafunsa ngati atsikana otchola tiyi ku Thyolo angadandaule za malipiro popanda kuchotsedwa ntchito. Angathe, koma asapite mmodzimmodzi kwa kapitawo. Wolankhula yekha, makamaka wa ganyu, ndi amene saitanidwanso mvula ikayamba. Atsikanawa alowe mu PAWU, bungwe la ogwira ntchito m'minda ikuluikulu, lomwe mu 2016 linasainirana ndi Tea Association of Malawi, bungwe la makampani olima tiyi, mgwirizano woyamba wa malipiro. Lamulo la Labour Relations Act limaletsa kuchotsa munthu chifukwa cholowa bungwe la ogwira ntchito.

Koma ine ndingati ayambire pa sikelo. Aliyense azilemba m'kabuku makilogalamu a tsiku lililonse, ngakhalenso omwe kalaliki wachotsa ponena kuti masamba anyowa. Pakutha pa mwezi ayerekeze ndi pepala la malipiro, kenako atengere mabukuwo kwa woimira bungwe.