Tifunseni za Foni: Manotsi a mufoni akukana kuoneka pa laputopu

FUNSO: Moni akulu. Ine ndine mlembi wa kagulu kathu kosunga ndi kukongozana ndalama kuno ku Katete. Zonse ndimalemba mufoni, mu ka app ka manotsi kamene kanabwera ndi foniyo, amene wasonkha, amene wakongola, amene wachedwa kubweza, zonse chabe. Manje mwana wanga anandisiyira laputopu yake yakale ndiye ndifuna zimene ndalembazo zizipezekanso mmenemo ngati mafayilo wamba oti nditsegule ndi Notepad, ndikasindikize ku boma lisanafike tsiku logawana. Ndinalumikiza kebulo, zithunzi ndaziona, nyimbo ndaziona, koma manotsi olo imodzi kulibe. Kodi zabisala kuti? Ndipo ilipo njira yoti ndikasintha mufoni nayo laputopu izisintha yokha? Mabando a intaneti sindikwanitsa tsiku lililonse. Mlembi, Katete

YANKHO: Amai, mtima pansi, manotsi anu sanatayike ndipo kebulo yanu ili bwino. Nkhani ndi yoti ma app ambiri a manotsi obwera ndi foni sasunga cholemba chilichonse ngati fayilo payokha ayi, amaunjika zonse mu nkhokwe imodzi yamkati mwa app, ndipo Android salola kuti kompyuta ilowe mmenemo kudzera pa kebulo. Zithunzi ndi nyimbo zili pabwalo, manotsi ali kuchipinda kokhoma. Nchifukwa chake foni ikagwera mu ndowa, memori khadi ingapulumutse zithunzi za ukwati koma kaundula wa ngongole za anthu amapita nayo foniyo, ndiye muganize mmene msonkhano wotsatira ungathere.

Choyamba ndi kusamutsa, ndipo apa palibe chidule chenicheni. Ngati foni ndi Samsung muli ndi mwayi, Samsung Notes ili ndi posankha Save as file ndipo text file ilipo pamenepo. Ngati ndi Google Keep, Google Takeout, tsamba la Google lotengerapo zinthu zanu, imakupatsani zonse kamodzi koma zimabwera ngati mafayilo a HTML ndi JSON, osati .txt yoyera imene mufuna, ndipo pamafunika intaneti. Ma Tecno, Itel ndi Infinix amene tili nawo ambirife, kawirikawiri njira yodalirika ndi kutsegula notsi imodzi imodzi, kukopera, kumata kwina. Zotopetsa inde, koma ndi nchito ya Sondo limodzi masana, simudzaibwerezanso.

Kwinako ndi kuti? Ikani app imene imalemba molunjika mu fayilo ya .txt. Ine ndimakonda Markor, ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, imapezeka pa F-Droid, sitolo ya ma app aulere, ndipo chilichonse mwalemba chimakhala fayilo mu foda yooneka, mkati mwa Documents. Mukalumikiza kebulo nkusankha File transfer pafoni, fodayo mumaiona ngati mmene muonera zithunzi zija. Ndipo mafayilo amenewa ndi opepuka zodabwitsa, chilembo wamba chimodzi ndi baiti imodzi, tsamba lodzaza ndi ngati 2 KB, kutanthauza kuti masamba 1,000 amalemera pafupifupi 2 MB, ngati chithunzi chimodzi cha pa kamera. Maina a mafayilo muziyamba ndi chaka, mwezi, tsiku, monga 2025-03-14-msonkhano.txt, azindandalika okha mwa dongosolo.

Ndipatuke pang'ono. Vuto lanuli ndi lakale kuposa ma foni atachiwa. Mu 1996 kunatuluka ka makina ka mmanja ka Pilot ka kampani ya Palm, kolembapo ndi kamtengo, kanali ndi Memo Pad imene notsi imodzi sinkapitirira 4 KB. Kankakhala pa kampando kolumikiza ku kompyuta, mukadina batani la HotSync zonse zimafanana uku ndi uku. Anthu a makompyuta a Linux anali ndi pulogalamu ya pilot-link, yotulutsa ma memo aja kukhala mafayilo wamba. Makina a Palm anatha pamsika kalekale koma amene anatulutsa zolemba zao mu .txt akuziwerengabe lero pa kompyuta iliyonse, ndiye muone chifukwa chimene ndikukakamira pa .txt ngati nkhupakupa.

Manje funso lachiwiri, zoti zizisintha zokha. Ndikuuzeni zoona amai, ngati mumakumana kamodzi pa sabata kebulo yakwana. Mukabwera ku msonkhano lumikizani, koperani foda yonse, ikani pa laputopu mu foda yatsopano yokhala ndi deti la tsikulo. Mphindi ziwiri. Palibe bando, palibe akaunti, olo magetsi atapita bola laputopu ili ndi moto.

Koma ngati mufunadi zodzichitikira zokha, pali Syncthing, pulogalamu yofananitsa mafayilo pakati pa makina awiri. Imaikidwa konse kuwiri, pafoni ndi pa laputopu, mumazidziwitsana pojambula QR code, nkusankha foda ya Markor ija. Siidutsa mu Google Drive kapena kusungitsa zinthu zanu kwa munthu wina, ndipo zonse ziwiri zikakhala pa wifi imodzi, olo ka MiFi kopanda bando, mafayilo amadutsa molunjika. App yake yoyambirira ya Android anasiya kuikonza kumapeto kwa 2024, imene anthu akugwiritsa ntchito ndi Syncthing-Fork. Mukaika, pitani ku zokhudza batire muiloleze kugwira kumbuyo, apo ayi foni izingoipha kuti isunge moto inu nkumadabwa kuti bwanji sizikudutsa.

Apa ndiye mundimvetsere bwino chifukwa ndi pamene anthu amalira. Syncthing ili ngati galasi, sisankha chabwino ndi choipa. Mdzukulu akaseweretsa foni nkufufuta fayilo ya ngongole, laputopu ikangoyaka nayonso ifufuta, mokhulupirika kwambiri. Ndiye pa laputopu tsegulani zosankha za fodayo, pa File Versioning musankhe Simple kapena Staggered, kuti chimene chafufutidwa kapena kusinthidwa kuchokera kufoni chizisungidwa kaye mu foda yobisika ya .stversions. Ndipo kamodzi pa mwezi koperani zonse pa fulashi, fulashiyo ikhale kwa msungichuma, osati mu chikwama chimodzi ndi laputopu.

China, musamalembe fayilo imodzi mbali zonse ziwiri zisanaonane. Tinene kuti mmawa mwalemba pafoni kuti uje wabweza K500, madzulo pa laputopu, foni ili yozima, mwakonzamo dzina la munthu wina. Zikakumana makina sadziwa kuti zoona ndi ziti, amatenga imene yasinthidwa posachedwa kukhala yeniyeni, inayo amaisintha dzina nkuikamo mawu oti sync-conflict ndi deti. Palibe chatayika koma K500 ija ili mu fayilo imene simuitsegula, ndipo tsiku logawana mudzamuuza munthu kuti sanabweze pamene anabweza pamaso pa anthu. Mukaona sync-conflict musafufute, tsegulani zonse ziwiri muphatikize ndi manja. Chapafupi ndi kugamula kuti foni ndiye polembera, laputopu ndi powerengera ndi posindikizira basi, ndipo Syncthing imalola kuika foda ya kufoni pa Send Only, kuti izingotumiza osalandira zosintha. Muonenso kuti nthawi ndi deti pa laputopu zili bwino, zakalezi kabatire ka wotchi kamatha mphamvu.

Fayilo ya .txt ilibe loko, aliyense wogwira laputopu awerenga. PIN ya mobile money isalowemo, ndipo manambala a NRC a anzanu ngati safunika musalembe. Buku la pepala lija limene mamembala amasainamo lisatayidwe, siginecha simungailowetse mu Notepad.

FUNSO: Bwana, ine ndimagula katundu kudzera pa boda ya Mwami ndipo ndimalemba maoda mufoni. Ndikatsegula fayilo pa kompyuta ya ku shopu, pamene ndinalemba Malaŵi pakuoneka MalaÅµi, ndipo nthawi zina mizere yonse imagundana kukhala chimzere chimodzi chachitali. Ndi vairasi? Wamalonda, Kapata

YANKHO: Si vairasi mdala, musalipire munthu kuti afomate. Foni imasunga zilembo mu kalembedwe ka UTF-8, mmene ŵ amatenga mabaiti awiri. Pulogalamu yakale ya pa Windows ikawerenga mabaiti awiriwo mwa kalembedwe kake kakale, ka ANSI, imaona zilembo ziwiri, Å ndi µ, ndiye zimene mukuonazo. Fayilo yanu ili bwinobwino, wolakwa ndi wowerenga. Choopsa ndi kudina Save zili choncho, pamenepo zinyalalazo zingakhazikike. Mu Notepad, potsegula ndi posunga pali kabokosi ka Encoding mmunsi, sankhani UTF-8. Mukasunga mu ANSI ŵ atayika chifukwa mu kalembedwe kameneko mulibe chilembochi.

Za chimzere chachitali nazo ndi ukalamba wa kompyuta. Android amatseka mzere ndi chizindikiro chimodzi, Windows anazolowera ziwiri, ndipo Notepad inayamba kumva za chizindikiro chimodzicho mu 2018, pa Windows 10. Mu 2019 ndi pamene inayamba kusunga mu UTF-8 popanda kuuzidwa. Ndiye ndikukayikira kuti ya ku shopu kwanuyo ikadali pa Windows 7. Ikanimo Notepad++, ndi yaulere, yaing'ono, imazindikira zonse ziwirizi yokha, ndipo mungaitenge pa fulashi kwa mnzanu. Ngati Notepad++ yatsopano ikana kulowa pa makina akalewo funani yakale, kuwerenga maoda a chitenje sikufuna zambiri.