Kodi pulagi ya iridium ingawonjezere mphamvu ya njinga ya m'misewu ya fumbi?

Wowerenga wina watilembera pa imelo. Ali ndi njinga yamoto ya 125cc, ya injini zija zotengera Honda CG125, yomwe amachitira kabaza m'misewu ya fumbi, komanso pampu yothirira kudimba ya injini ya Honda GX160. Akufunsa kuti: "Njinga yanga yayamba kulefuka pa zitunda ndipo m'mawa imavuta kulira. Kushopu andiuza kuti ndikaika pulagi ya iridium kapena ya mano atatu, mphamvu iwonjezeka ndipo mafuta azichedwa kutha. Mtengo wake ndi wa mapulagi wamba angapo. Ndigule?"

Achimwene, musagule kaye. Ntchito ya pulagi ndi imodzi basi: kuyatsa petulo wosakanikirana ndi mpweya pa nthawi yake. Mphamvu imachokera ku kuchuluka kwa mpweya ndi petulo zomwe zalowa m'silinda, ndi momwe pisitoni yazipanikizira. Moto ukagwira, wagwira. Pulagi yodula siwonjezerapo petulo kapena mpweya. Amene amati njinga yawo inasintha ataika pulagi ya iridium (chitsulo cholimba chomwe amaika kunsonga kwa pulagi) sakunama, koma kawirikawiri amakhala atachotsa pulagi yotha. Akanaika yawamba yatsopano akanamvanso kusintha komweko. Pulagi yatsopano imabweza mphamvu yomwe inatayika, siibweretsa ina yapamwamba pa yomwe injini inabwera nayo. Pa GX160 nkhaniyi ndi yoonekeratu: injini ya 163cc imeneyi imapereka mahosipawa pafupifupi 4.8 pa maulendo 3,600 pa mphindi, ndipo gavana wake, kachipangizo kowongolera liwiro la injini, amailetsa kuthamanga kuposa pomwe anaichunira, kaya mwaika pulagi yanji.

Izi sizikutanthauza kuti iridium ndi yachabe. Kansonga kake kapakati n'kowonda kwambiri, mamilimita 0.6 pa mapulagi a kampani ya NGK a mtundu wa IX, pomwe pa pulagi wamba ngati BPR6ES n'kokwana pafupifupi mamilimita 2.5. Moto umadumpha mosavuta pa nsonga yowonda, choncho umafuna magetsi ocheperako. Pokika njinga m'mawa wa mwezi wa Juni, injini imazungulira pang'onopang'ono, magineto amapereka magetsi ofooka, ndipo apa m'pomwe iridium imathandizako: kulira msanga ndi kusaphonya njinga ikangoima ikulira. Chachiwiri, chitsulochi chimasungunuka pa madigiri oposa 2,400, ndiye sichidyeka msanga ndipo mpata womwe moto umadumpha, pakati pa kansonga ndi dzino lakunja, sukula mwachangu. Mukagula iridium, ndalama yanu yagula zinthu ziwiri zimenezi. Koma ngati injini ikudya oyilo kapena kabureta ikuthira petulo wambiri, iridium idzada ndi kufa chimodzimodzi ndi yotchipa, isanakwanitse n'komwe moyo wautali umene munaulipira.

Za mano atatu kapena anayi, moto sutuluka pa mano onse nthawi imodzi. Umadumphira pa dzino limodzi lomwe lili losavuta, kenako likadyeka umasamukira kwina. Anazipangira kukhalitsa m'magalimoto ena, ndipo m'kainjini kakang'ono manowo amatha kuphimba lawi pomwe likuyamba kumene.

Chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi nambala ya pulagi, chifukwa yolakwika imatha kupha injini. Pa NGK, chilembo choyamba chimanena kunenepa kwa mazinga: B ndi mamilimita 14, D ndi 12, C ndi 10. R akusonyeza kuti mkati muli resistor, kachipangizo kochepetsa phokoso la magetsi. E akutanthauza kuti mazinga ndi otalika mamilimita 19, H ndi 12.7. Ndiye GX160 imafuna BPR6ES, injini zambiri za mtundu wa CG zimafuna D8EA, ndipo tinjini ta 110cc togona chafufumimba timafuna C7HSA. Za iridium zofanana nazo ndi BPR6EIX, DR8EIX ndi CR7HIX. Tsimikizani ndi buku la njinga yanu, chifukwa ina imaoneka yofanana kunja koma mutu wa silinda ndi wosiyana. Mukaika pulagi yayitali pa bowo lalifupi, pisitoni ikhoza kuimenya. Mukaika yayifupi pa bowo lalitali, moto umayakira mkati mwa bowo, mazinga otsalawo amadzaza mwaye, ndipo tsiku lomwe mudzaike pulagi yoyenera idzakana kulowa.

Nambala yapakati, monga 6 kapena 8, ndi ya kutentha. Anthu ambiri amaganiza kuti pulagi "yotentha" imatulutsa moto waukulu. Ayi. Nambalayi imanena liwiro lomwe nsonga ya pulagi imatayira kutentha kwake kupita ku mutu wa silinda. Nsongayo imafunika izikhala pakati pa madigiri pafupifupi 500 ndi 800. Ikazizira kuposa pamenepo, mwaye supsa, umaunjikana pa gawo loyera la kunsonga kwa pulagi, magetsi n'kumathawira pa mwayewo m'malo modumpha mpata. Ikatentha mopitirira, nsongayo imasanduka khala lomwe limayatsa petulo moto wa pulagi usanafike, pisitoni ikadali kukwera, ndipo mapeto ake ndi bowo pakati pa pisitoni. Pa NGK nambala yaikulu ndi pulagi yozizira, koma pa Champion ndi Bosch nambala yaikulu ndi yotentha, choncho musafananize manambala a makampani osiyana ndi maso okha. Alipo amene amaika NGK ya nambala 6 m'malo mwa 8 kuti pulagi isiye kuda pa injini yodya oyilo. Imasiyadi kuda kwa kanthawi, koma njinga yoziziritsidwa ndi mphepo, yonyamula munthu ndi thumba la chimanga pa chitunda chachitali mwezi wa Okutobala, ili pangozi yaikulu ndi pulagi yotere.

Musanapite kushopu, masulani pulagi ilipoyo muione. Yendetsani njinga mwamphamvu kwa mphindi khumi, muizimitse osaisiya ikulira pamalo, idikireni izizire, mupemerere fumbi lozungulira pulagi kuti lisagwere m'silinda, kenako mumasule. Gawo loyera la kunsonga likakhala lofiirira ngati tiyi wamkaka, injini ikupsa bwino. Mwaye wakuda wouma, wotsalira pachala ngati wa pansi pa mphika, ndiye kuti petulo wachuluka: fyuluta ya mpweya yatsekeka, choko sichikutseguka chonse, kapena jeti, kabowo kodutsa petulo m'kabureta, ndi yaikulu. Kuda konyowa, konanda, ndi oyilo wodutsa pa maring'i kapena pa masilu a mavalavu. Kuyera mbuu kokhala ndi timatuza kapena nsonga yoyamba kusungunuka ndi chizindikiro choopsa: petulo wachepa, mpweya ukulowera pa labala yong'aluka ya pakati pa kabureta ndi injini, kapena pulagi ndi yotentha mopyola.

Yezaninso mpata ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata. Pa D8EA ndi C7HSA ukhale mamilimita 0.6 mpaka 0.7, pa BPR6ES ya GX160 ukhale 0.7 mpaka 0.8. Pindani dzino lakunja lokha. Pa iridium musatsamize chitsulo chilichonse pa kansonga kapakati ndipo musakwecheko ndi burashi ya waya, kamathyoka. Kuona moto wa buluu mutagunditsa pulagi ku injini n'kukika sikutsimikizira kuti zonse zili bwino, chifukwa panja moto umadumpha mosavuta kusiyana ndi m'silinda momwe mpweya wapanikizidwa. Kapu ya pulagi yong'aluka kapena waya womasuka mkati mwa kapu zimaphonyetsa njinga pa chitunda kapena mukadutsa m'madzi, ngakhale pulagi ili yatsopano.

Kwa njinga ya m'fumbi yomwe yalefuka komanso ikuvuta kulira m'mawa, ife tingayambire pa fyuluta ndi mavalavu. Fyuluta ya siponji itsukeni ndi madzi a sopo kapena palafini, iume bwinobwino, muinyowetse ndi oyilo wa injini woyera n'kufinya wotsalayo. Yapepala siichapidwa, imasinthidwa. Osayenda opanda fyuluta ngakhale tsiku limodzi: fumbi limapala silinda ndi maring'i ngati sandipepa, ndipo mphamvu yotayika motero pulagi iliyonse singaibweze. Mpata wa mavalavu uyezedwe injini ili yozizira, pisitoni ili pamwamba pa nthawi yopanikiza. Pa CG125 ndi mamilimita 0.08 mbali zonse ziwiri; pa GX160 za mtundu wakale ndi 0.15 ku valavu yolowetsa ndi 0.20 ku yotulutsa, koma tsimikizani ndi buku la injini yanu. Valavu yothina sitseka bwino, mpweya umathawa, ndipo zizindikiro zake ndi zomwe mwatchulazi. Mukatero onani tcheni, mabuleki ogwira okha, mpweya wa m'matayala ndi kalachi yoterereka. Kumbukiraninso kuti kumtunda mpweya ndi wopepuka: injini imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu pa mamita 300 alionse okwera, ndiye njinga yomwe imakoka bwino ku Nsanje siingakoke chimodzimodzi ku Dedza.

Ngati pulagi yapezeka yotha, nsonga zake zitabulungira, gulani ya nambala yoyenera kwa wogulitsa wodalirika. Mapulagi achinyengo olembedwa maina a makampani odziwika alipo ambiri, ndipo a iridium ndi ena mwa omwe amakonda kuberedwa dzina chifukwa cha mtengo. Yang'anani zilembo zofufutika, mazinga okhakhala, washa wovuka mosavuta ndi nsonga yosalunjika pakati. Iridium yogulitsidwa pa mtengo wa pulagi wamba isiyeni. Yachinyengo kutentha kwake sikudziwika ndipo kachidutswa kake kakhoza kugwera m'silinda.

Pomanga, lowetsani ndi zala mpaka washa akhale pansi, chifukwa mutu wa silinda ndi wa aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kuphwanyika mukayamba ndi sipanala. Pulagi yatsopano ikungeni pafupifupi theka la kuzungulira, yakale gawo limodzi la magawo asanu ndi atatu mpaka kota. Amene ali ndi torque wrench, sipanala yoyeza kukunga m'ma Nm: mazinga a mamilimita 10 amafuna 10 mpaka 12 Nm, a mamilimita 12 amafuna 15 mpaka 20 Nm, ndipo GX160 imafuna 18 Nm. Musapake girizi pa mazinga, amachititsa kuti mukunge mopyola osazindikira. Yomasuka nayonso ndi yoopsa, chifukwa kutentha sikudutsa bwino kupita ku mutu wa silinda.

Pa pampu yanu BPR6ES wamba ndi yokwanira: Honda amati muziiona pa maola 100 alionse ndi kuisintha pa maola 300 kapena pachaka. Pa njinga, mukakonza fyuluta ndi mavalavu, pulagi n'kumatuluka ya mtundu wa tiyi wamkaka uja, DR8EIX yeniyeni mukhoza kuigula ngati mukufuna kulira kosavuta m'mawa ndi kusintha pulagi patalipatali. D8EA yatsopano ikhalebe m'kabokosi ka zida pansi pa mpando, pamodzi ndi sipanala yake ya mamilimita 18.