Bambo akukana chiponde, nditani?

FUNSO: Moni anamwino. Amuna anga ali pa mankhwala a TB ndipo anaonda kwambiri moti kuchipatala anawapatsa chiponde kuti azidya kunyumba, masiku oyamba ankadya ndithu koma pano akangoona kapaketi kaja amatembenukira kukhoma, akuti chimatsekemera udyo, chimakanirira kukhosi komanso chimawapatsa nseru. Ana ndiye amachilirira. Kodi ndingowapatsa anawo m'malo moti chizingokhala?
Mayi wodandaula, Bembeke, Dedza

YANKHO: Mayi, anawo ayi chonde. Chipondecho ndi mankhwala a bambowo, anachita kuwayeza sikelo n'kuwawerengera mapaketi. Kapaketi kamodzi ka magalamu 92 kamakhala ndi makalori 500, muli mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ina, ndiye kalikonse kopita kwa ana ndi thupi la bambo lomwe likuchedwa kubwerera.

Komanso musawatenge ngati akuchita makani, zomwe akunenazo ndi zoona. Chiponde poyamba anachikonzera ana onyentchera, ana shuga amamukonda, pomwe munthu wamkulu wozolowera nsima ya ndiwo zamchere kuti azidya zotsekemera tsiku ndi tsiku amatopa nazo, ndiye onjezerani kuti matendawo ndi mankhwala a TB amachotsa chilakolako cha chakudya, ena amamva kuwawa mkamwa ngakhale amwe madzi enieniwa. Ine zimandipweteka ndikamva wodwala akukalipiridwa kuti safuna kuchira pomwe vuto ndi kakomedwe.

Yambani ndi kulimbako. Kwanu ku Bembeke kumazizira, makamaka June ndi July, chiponde chimauma gwa. Musanatsegule paketi ifumbateni m'manja, muzifinyafinya mpaka ifewe bwinobwino. Asalimbane n'kumaliza yonse nthawi imodzi, masupuni awiri atatu, apume, kenako enanso, madzi abwino akumwa ali pambali chifukwa chimaumitsa kukhosi. Koma madziwo osathira mu chipondemo n'kusunga ayi, chikanyowa tizilombo timaswana msanga. Kapaketi kotsegula kapindeni pakamwa muike m'chiwiya chovindikira.

Za kutsekemerazo, ambiri zimawayendera akasakaniza mu phala lopanda shuga loti laphulidwa kale ndipo lafunda chabe, n'kudya nthawi yomweyo, kapena kupaka pa buledi ngakhale pa mbatata yophika. Osachiphika pamoto, mavitamini ena amafa ndi kutentha. Pasakhalenso fungo la zokazinga pafupi, nseru imayambira pamenepo. Akamaliza asafulumire kugona, akhale tsonga kaye.

China, tawauzeni atsegule kukamwa muone ndi tochi ya pafoni. Mukapeza zoyera ngati mkaka wogona pa lilime kapena m'masaya, kapena tizilonda, ndiye kuti kumeza kukuwapweteka ndipo zimenezo zili ndi mankhwala ake, zikapola kudya kumabwerera.

Mukapita kukatenga mankhwala mukanene chilungamo kuti mapaketi atsala angati, anthu ambiri amangoti zikuyenda poopa kukalipiridwa ndiye achipatala amadabwa sikelo osakwera. Mukafunsenso ngati angawapatseko Likuni Phala, la chimanga ndi soya lija, akuluakulu ambiri limawalowa bwino poti ndi phala lomwe analizolowera, ngakhale mphamvu zake pa supuni sizifika pa chiponde ndiye achipatala ndi omwe angaone ngati thupi lawo lafika poti n'kusintha. Ngati akusanza chilichonse, maso achita chikasu kapena akulephera kumeza mankhwala a TB aja, musadikire tsiku lomwe anakulemberani, pitani lero lomwe.