Inshuwalansi ya alandilodi si yanu, achemwali

Achemwali ena a ku Area 25 ku Lilongwe andilembera imelo kufunsa ngati n'kofunika kulipira inshuwalansi ya katundu wawo, poti alandilodi awauza kuti nyumba ya lendiyo ili kale pa inshuwalansi. Mawu amenewo andikhudza, chifukwa ndi omwewo amene ife tinauzidwa.

Tinkachita lendi ku Chilobwe pamene namondwe wa Freddy anafika mu Malichi 2023. Matope ochokera m'phiri la Soche sanagwetse nyumba yathu monga anachitira kumtunda, kumene anthu anataya ndi abale omwe. Koma madzi analowa kulekeza m'mawondo. Firiji, sofa, matiresi, mabuku a ana, mashini osokera amene mayi akunyumba ankapezera ya ndiwo, zonse zinaonongeka. Eni nyumba, munthu wabwino ndithu, anathandizidwa ndi inshuwalansi yawo kukonza mpanda ndi khoma. Ife tinalandira pepani. Sananame, koma inshuwalansi yawo inali ya makoma ndi denga, ndipo imathera pomwepo.

Tisanaime bwino, mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo ya firiji inathawiratu. Tinabwereka ku banki m'khonde, koma ngongole imabwezedwa ndi chiwongoladzanja, ndipo anzathu a m'gulumo nawonso madzi anali atawalowera.

Chimandinyansa n'chakuti ambirife timadziwa inshuwalansi ya galimoto yokha, chifukwa apolisi amaifunsa pa rodibuloko. Katundu amene tasonkhanitsa zaka khumi, poti palibe wotiimitsa pamsewu, timangomusiya. Makampani a inshuwalansi nawonso ndimawadzudzula: mapepala awo ndi Chingerezi chokhachokha, zilembo zing'onozing'ono, ngati wochita lendi ku Ndirande kapena ku Kawale alibe chotaya. Ndipo landilodi wouza munthu kuti "zonse zili pa inshuwalansi" osafotokoza malire ake akumulakwira.

Tsono muchite chiyani?

Gulani, achemwali. Pitani ku kampani ngati NICO General kapena Britam, kapena kwa broka (mkhalapakati wothandiza anthu kugula inshuwalansi) wovomerezeka ndi Registrar of Financial Institutions, woyang'anira makampani a zachuma ku Reserve Bank, mukafunse householders policy, yomwe ndi ya katundu wa m'nyumba. Funsani ngati kusefukira kwa madzi kulimo, ngati amalipira wakuba akalowa osathyola chitseko, ndiponso ngati foni ndi laputopu zimatetezedwa mukatuluka nazo. Funsaninso za excess, ndalama imene mumadzilipirira nokha pa vuto lililonse. Lembetsani katundu pa mitengo ya lero, chifukwa mukachepetsa nawonso amachepetsa pokulipirani. Malisiti ndi zithunzi mudzitumizire pa imelo, ndipo mukaberedwa thamangirani lipoti la kupolisi tsiku lomwelo.