Deki yowerenga zimbale zobena: yankho kwa mayi wa kwaya

Mayi wina wa ku Zomba, amene amasunga zimbale za kwaya ya kumpingo kwawo, wandilembera imelo yotere: "Tili ndi zimbale zambiri. Zina ndi za kwaya, zina za chinkhoswe ndi ukwati wa mwana wanga, zina anabena mlongo wanga ku Joni. DVD yathu yakale inkaonetsa zambiri mwa izo koma inafa. Imene tabwereka kwa aneba ikumalemba 'No Disc' pa zimbale zina, pa zina ikumangotulutsa mawu popanda zithunzi. Ndigule yotani kuti ndisataye ndalama?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Langizo langa lalikulu ndi loti musapereke ndalama musanaiyese dekiyo ndi zimbale zanu zomwezo, pasitolo pomwepo. Koma kuti mudziwe zimbale zoti munyamule, dziwani kaye kuti mavuto awiri mwatchulawo si amodzi. Deki ikalemba "No Disc", ndiye kuti chimbale chenichenicho sikuchiona. Ikatulutsa mawu okha, chimbale yachiona, koma zimene zinathiridwamo zaikanika.

Tiyambe ndi loyambalo. Chimbale cha kufakitale amachita kudinda, pomwe chobena chili ndi utoto wapadera umene laser imauwotcha n'kusiya timadontho. Ngati chimbalecho chinali chotchipa kapena wobenayo anachithamangitsa, timadonthoto sitioneka bwino, ndipo deki imene diso lake lakalamba kapena lagwira fumbi imayamba kukana zobena pamene zogula ikuseweretsabe. Zimbale zofufutika, zolembedwa RW, ndizo zimavuta koposa chifukwa zimabweza kuwala kochepa kwambiri.

Yang'ananinso pankhope pa zimbale zanu. Zina muona zalembedwa DVD-R, zina DVD+R. Mtundu wa DVD-R unayamba ndi kampani ya Pioneer mu 1997, ndipo wa DVD+R unabwera mu 2002 mothandizidwa ndi Philips, Sony ndi HP. Makampani analimbana zaka zingapo, ndiye madeki akale ena amadziwa mtundu umodzi wokha, kawirikawiri wa DVD-R. Deki yatsopano iyenera kuwerenga yonse iwiri, koma onetsetsani kuti pabokosi kapena m'kabuku kake atchula yonse. Palinso zolembedwa DL, zonyamula 8.5 GB m'malo mwa 4.7 GB. Izi zili ndi magawo awiri, ndipo deki yofooka imakonda kuima pakati pa filimu pamene ikuchoka pagawo loyamba kupita pachiwiri.

Pali chifukwa china cha "No Disc" chimene palibe deki yatsopano ingachithetse. Chimbale cha DVD-R chojambulidwa ndi kamera kapena ndi makina ojambulira a DVD chimafunika kutsekedwa pomaliza, pa makinawo amalemba kuti Finalize. Wojambula ukwati akaiwala zimenezi, chimbalecho chimasewera m'makina ake okhawo. Ngati muli nacho chimene chakanika paliponse, musachitaye, pitani nacho kwa amene anachijambula kapena kwa wodziwa kompyuta kuti ayese kupulumutsa zithunzizo.

Tsopano vuto lachiwiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Pemphani wina wa kompyuta aike zimbale zanu chimodzichimodzi, muone zimene zili m'katimo. Mukaona foda yotchedwa VIDEO_TS, yokhala ndi mafayilo othera ndi VOB ndi IFO, chimenecho ndi chimbale cha DVD chenicheni ndipo deki iliyonse yabwinobwino ichiseweretsa. Koma mukaona mafayilo othera ndi AVI, MP4 kapena MKV, ndiye kuti wobenayo anangokoperamo mavidiyo monga timachitira pa fulashi. Anyamata ambiri obena amachita chomwechi chifukwa n'chachangu ndipo chimbale chimodzi chimalowa mavidiyo ochuluka. Pa mafayilo a AVI, funani deki yolembedwa DivX kapena Xvid.

Pa MP4 ndiye muchenjere, chifukwa wogulitsa adzakulozerani pabokosi pomwe palembedwa "MPEG-4" kapena "MP4" n'kunena kuti imasewera zonse. Mwina iyenso sadziwa kuti si choncho. MP4 ili ngati thumba, dzina la thumbalo silikuuzani ngati m'katimo muli chimanga kapena mpunga. Madeki ambiri otchipa amadziwa MPEG-4 yakale ija ya DivX ndi Xvid, pomwe vidiyo yojambulidwa pafoni kapena yochokera pa WhatsApp ndi YouTube nthawi zambiri imakhala ya H.264. Kuwonjezera apo, deki ya DVD inapangidwira chithunzi cha madontho 720 kwa 576, pamene mafoni amakono amajambula 1920 kwa 1080 kapena kuposa. Deki ikakumana ndi fayilo yotere imaikana, kapena imatha kuwerenga mawu okha chithunzi n'kuchisiya. Ndikukhulupirira kuti izi ndi zimene zikukuchitikirani pa zimbale zotulutsa mawu okhazo.

Ngati zimbale zanu zambiri zili zotere, musavutike kusaka deki ya DVD yozizwitsa. Muli ndi njira ziwiri. Mukhoza kuwonjezera ndalama n'kugula deki ya Blu-ray, imene imaseweretsanso ma DVD ndipo yambiri imawerenga MP4 ya H.264. Kapena mupemphe wobena azikonzenso kukhala DVD yeniyeni ya VIDEO_TS, pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ngati DVDStyler. Pa zimbale za kwaya, zimene zimayenda khomo ndi khomo, ine ndingasankhe njira yachiwiriyi, chifukwa chimbale chotero chisewera ngakhale kwa agogo amene deki yawo ndi yakalekale.

Za "region" musade nazo nkhawa kwenikweni. Ameneyu ndi loko woletsa chimbale cha chigawo china cha dziko lapansi kusewera pa deki ya chigawo china. Malawi ali m'chigawo 5 ndipo South Africa ali m'chigawo 2, koma loko ameneyu amaika pa mafilimu ogula, zimbale zobena kunyumba sizikhala naye. Zimene anabena achimwene anu ku Joni zilinso za PAL ngati za kuno, kutanthauza kuti zithunzi zake ndi za mtundu umene ma TV athu amagwiritsa ntchito. Zochokera ku America kapena ku Japan ndiye zimakhala za NTSC, ndipo pa TV yakale zingaoneke zopanda mtundu kapena zogwedera. Ngati muli nazo, funani deki yolembedwa PAL/NTSC.

Tsiku lokagula, nyamulani chimbale chimodzi cha mtundu uliwonse: cha DVD-R, cha DVD+R, cha RW kapena DL ngati chilipo, cha mafayilo a AVI kapena MP4, ndi VCD yakale ngati kwaya yanu inayamba kujambulitsa nthawi ya ma VCD. Musakhutire poona kuti chayamba. Thamangitsani mpaka chakumapeto, chifukwa chimbale chimalembedwa kuyambira m'kati kupita kunja, ndipo zolakwika zambiri zimakhala cha m'mphepete. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani kwina, masitolo ndi ambiri.

Dzina la kampani lisakukopeni lokha. Timadeki totchipa tambiri timawerenga mitundu yochuluka ya mafayilo kuposa madeki akale a mayina otchuka, kungoti sitichedwa kutopa. Yogwiritsidwapo kale ntchito ndiye muiyese kawiri, popeza diso la laser limatha mphamvu ndi zaka. Ngati inachokera kunja, werengani kuseri kwake: ikalembedwa 120V yokha, ndi ya magetsi a ku America ndipo ipsa mukailumikiza ku magetsi athu a 230V. Onaninso kuseri kwa TV yanu musanachoke kunyumba, ngati ili ndi HDMI kapena zingwe zitatu zija, yachikasu, yofiira ndi yoyera, kuti dekiyo igwirizane nayo. Ikakhala ndi polowetsa fulashi ndi bwino kwambiri, koma yambiri imawerenga fulashi yokhayo yofomatidwa m'njira yotchedwa FAT32, imene silola fayilo yoposa 4 GB. Rimoti ikhalepo ndithu, chifukwa madeki ambiri sungasankhe fayilo popanda iyo.

Chomaliza, mayi, ndi cha zimbale za chinkhoswe ndi ukwati zija. Utoto wa chimbale chobena umawonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi, ndipo ukawonongeka palibe deki ingachiwerengenso. Pamene wa kompyuta uja akuona za m'kati mwake, mumupemphe akopere zonse pa kompyuta ndi pa fulashi tsiku lomwelo. Akamabena zatsopano, agwiritse ntchito DVD-R, asapitirire liwiro la 8x, ndipo dzina alembe ndi maka yofewa m'malo momata pepala pamwamba.